Musiyeni mwanayo aonere galu wamanthayu

Mayi wina wandilembera kufunsa ngati mwana wake wa zaka 6 angamaonere Scooby-Doo. Akuti apongozi ake akukana, poti katuni ya mizukwa imaitanira ziwanda m'nyumba.

Mayi, funso lanu landikumbutsa kutali. Ine ndinakula ndili wamantha zedi. Kwathu chimbudzi chinali kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo kukada sindinkapitako ngakhale m'mimba muvute chotani. Chaka china kumanda kunayamba kumveka kubuula usiku, mudzi wonse n'kugwirizana kuti ndi mzukwa. Mapeto ake anagwidwa bambo wina atasenza thumba la chinangwa. Ankabuula dala kuti eni munda wa pafupi ndi mandawo asayerekeze kukalondera. Miyezi iwiri yathunthu ndikukodzera m'chitini chifukwa cha wakuba chinangwa!

Nditadzaiona katuniyi kwa amalume m'tauni, ndinaseka mpaka misozi, chifukwa nkhani yake ndi yomweyo. Inayamba mu 1969 ku America pa kanema wa CBS, oiyambitsa ndi Joe Ruby ndi Ken Spears a ku kampani yopanga makatuni ya Hanna-Barbera. Fred, Daphne, Velma ndi Shaggy amayenda pa galimoto yawo ya Mystery Machine ndi galu wawo Scooby. Akafika pomwe akuti pali mzukwa, Shaggy ndi Scooby amaliyatsa liwiro, pomwe Velma amawerama n'kumaunika mapazi pansi. Kumapeto amavula mzukwawo chigoba, ndipo amapezeka kuti ndi munthu wadyera wofuna kuthamangitsa anzake pamalo kapena kubisa katundu wakuba.

Ndiye ndinene mosapsatira, apongozi anuwo alakwitsa. M'dziko lomwe agogo okalamba amamenyedwa ndi kuwatenthera nyumba powaganizira ufiti, ine ndikufuna ana ofunsa kuti kodi apindule ndani tikachita mantha.

Galuyo ndimamukonda pa chifukwa chinanso. Amene anamujambula, Iwao Takamoto, anaphunzira kujambula ali mu msasa wa Manzanar, momwe boma la America linatsekera anthu a mtundu wa ku Japan pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Atafunsa maonekedwe a galu wabwino wa mtundu wa Great Dane, iye anajambula zosemphana nazo dala: miyendo yamatewe, msana wopindika. Koma za Scrappy-Doo, kagalu kamakani kaja anakabweretsa mu 1979, musandiyambe.

Nanga muyambire pati?

Muyambe ndi zoyambirira za 1969, mutakhala naye limodzi, masana. Filimu ya Zombie Island ya 1998 idikire kaye chifukwa mmenemo mizukwa yake ndi yeniyeni, ndipo katuni ya Velma ya 2023 ndi ya akuluakulu okha. Apongoziwo muwaitane aonere nawo gawo limodzi mpaka pomwe chigoba chivulidwe.