Tisheti ya pa kaunjika yolembedwa Ramones

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti anatola tisheti yakuda pa kaunjika, pachifuwa pali chiwombankhanga ndi dzina loti Ramones. Akufunsa ngati ndi timu ya mpira kapena dzina la banja.

Achimwene, si mpira ayi, komanso anthuwo sanali pachibale. Linali gulu loimba punk rock, mtundu wa nyimbo za rock zothamanga ndi zaphokoso. Anyamata anayi a ku Forest Hills mumzinda wa New York anayamba kuimba mu 1974, onse n'kudzipatsa dzina la Ramone: Joey, Johnny, Dee Dee ndi Tommy. Dzinali analibwereka kwa Paul McCartney wa gulu loimba la Beatles, yemwe kale ankadzitcha Paul Ramon.

Masiku amenewo oimba rock ambiri ankakonda nyimbo zazitali, gitala kulira yokha mpaka omvera kuwodzera. Awa ayi. Mu bala ya CBGB ku New York komweko, Dee Dee ankakuwa kuwerenga 1, 2, 3, 4, nyimbo n'kugwa ngati matalala padenga la malata. Mphindi ziwiri yatha, ina yayamba, osapuma. Chimbale chawo choyamba cha mu Epulo 1976 chili ndi nyimbo 14, koma chonse chimatha mu mphindi 29. Anachijambula ndi madola pafupifupi 6,400 basi.

Pa 4 Julayi chaka chomwecho anaimba mu holo ya Roundhouse ku London. Ineyo ndimati mphatso yawo yeniyeni inali yakuti mwana aliyense wowaona ankati, izitu nanenso ndingathe. Magulu ambiri anabadwa motero.

Koma ndalama za zimbale sanazione kwenikweni. Chimbale choyamba chija chinadzafika makope 500,000 ku America mu 2014, patatha zaka 38! Ankadya za kuimba pamaso pa anthu, maulendo 2,263 mpaka anasiya mu 1996. Chondidabwitsa n'chakuti Joey ndi Johnny anakhala zaka zambiri osalankhulana, koma akuyenda galimoto imodzi, kukwera nsanja imodzi. Joey anamwalira mu 2001, Dee Dee 2002, Johnny 2004, Tommy 2014.

Chiwombankhanga chanucho anajambula mnzawo Arturo Vega, motengera chidindo cha pulezidenti wa America, kungoti chake chagwira chibonga chosewerera baseball. Werengani mayina ozungulirawo. Mukapeza Marky pamalo pa Tommy, ameneyo ndi woimba ng'oma amene analowa mu 1978.