Za wojambula ndi zala uja

Asuweni, mwaswera? Pepani phokoso, ndili mu minibasi. Mwafunsa kuti wojambula ndi zala mwamuona pa Facebook uja ndi ndani. Hmm. Inu ndimakudziwani. Nkhani ndi mnyamata wanu amene wamaliza makope a masamu ndi zithunzi, mukufuna kudziwa ngati muli ndalama m'menemo. Musakane.

Ndi Amoako Boafo, wa ku Accra, Ghana, wobadwa 1984. Koma dikirani, mwandikumbutsa amalume. Chikwangwani adajambula pa babashopu chija! Mitu sikisi, ayi, inali faifi, umodzi adaufufuta agogo atakalipa. Mitu yonse nkhope ya iwo eni, mpaka mpata wa mano. Penti ankasungunulira palafini m'chitini cha mkaka chija, burashi atamangirira ndi mphira. Mwini shopu akuti ndalama palibe, muzidzameta ulere chaka chonse. Munthu wa dazi! Ndiye ankapitabe Loweruka lililonse, kukhala pampando, ati ngongole siwola. Inu munkawaperekeza, musadziyeretse.

Ndimati chiyani? Eya, Boafo. Zalazo adazipeza mochedwa. Sukulu ya zojambula ya Ghanatta adamaliza 2008, akugwira burashi ngati aliyense. Cha m'ma 2014 adapita ku Vienna, Austria, kumene adaona ntchito za Egon Schiele, wojambula wakale wa komweko, n'kuyamba kupaka khungu la munthu ndi zala. Khungu lokha. Mukayandikitsa foni muona mizere ya chala ikuzungulira pa tsaya, bulawuni ndi buluu, pomwe kumbuyo nthawi zambiri kuli see, mtundu umodzi. 2018 ndi pomwe Kehinde Wiley, uja adajambula Obama, adamuona pa Instagram n'kuuza ogulitsa zithunzi a ku Los Angeles. 2020 chithunzi chake chimodzi chidagulidwa £675,000 ku London, koma adadya ndi amene adachigula kale motchipa, osati iyeyo.

Ndiye werengani nokha, 2008 mpaka 2018. Zaka teni asanatchuke. Mwanayo musamulande pensulo, komanso musayambe kuwerengera mapaundi. Mwandimva? Mugulireni kope lakelake lojambulamo, masamu akhale pawokha, za London muiwale kaye. Zaka teni, asuweni, ndipo Boafoyo anali atapita kusukulu ya zojambula.

Kondakitala, pa siteji! Ndatsika. Chitenje chija simunabwezebe.