Mwana akufuna za chuma cha mizinda, bambo akuti unamwino

Mtsikana wina wa ku Lilongwe, amene wakhoza bwino MSCE, wandilembera modandaula kuti akufuna kuphunzira za chuma cha mizinda, monga zimene zimakweza lendi ndi mmene makhonsolo amapezera ndalama, koma bambo ake akuti amenewo si maphunziro, iye akachite unamwino popeza ntchito yake sisowa. Makalata otere amabwera chaka chilichonse mafomu a NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, akatuluka.

Bambo, musamusankhire mwana ntchito chifukwa choti ndi imene inu mukuidziwa. Anamwino nawo amakhala pakhomo kudikira kuti boma liwalembe, ndipo namwino wokakamizidwa amene amavutika naye ndi wodwala.

Kwa iwe mwanangu, njira zilipo zingapo: Economics ku University of Malawi ku Zomba, kapena maphunziro a kagawidwe ka malo m'matauni ku Mzuni ndi ku MUBAS. Ine ndingakulimbikitse Land Economy ya ku MUBAS, chifukwa kuwonjezera pa kumvetsa chifukwa chimene puloti ya ku Area 47 imadulira kuposa ya ku Mtandire, udzatulukako ndi luso loyika mtengo pa nyumba ndi malo, limene mabanki amalifuna asanapereke ngongole, ndiponso makhonsolo pokonza ma city rates, misonkho ya nyumba ndi malo. Luso limeneli lingakudyetse ngakhale boma lisanakulembe, ndipo za ndondomeko za mizinda ukhoza kudzazama nazo pa digiri yachiwiri.

Nkhani ya kukula kwa mizinda ndi yeniyeni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzinda wa Lilongwe munali anthu pafupifupi 990,000, ndipo masomphenya a Malawi 2063 anayika kukula kwa mizinda pakati pa nsanamira zake zitatu. Amene anawona mmene matope ochokera m'phiri la Soche anakwiririra nyumba ku Chilobwe pa namondwe Freddy mu 2023 akudziwa kuti anthu amamanga m'malo oopsa chifukwa malo abwino ali pa mtengo umene sangaufike.

Koma usanamizike kuti ukangomaliza, UN-Habitat, nthambi ya United Nations yoona za mizinda ndi malo okhala, idzakuyitana. Mizinda ili ndi makhonsolo anayi okha, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo salemba anthu kawirikawiri. Chinanso chandikhumudwitsa: kalata yako sinatchule masamu ngakhale kamodzi, chonsecho maphunziro amenewa ndi a ziwerengero ndi mapu a pa kompyuta. Ngati masamu unangowapulumuka, ganizanso bwino. Ngati unawakhoza, tenga mndandanda wa makosi ukhale pansi ndi bambo ako, uwalongosolere ntchito zimene woyika mitengo ya nyumba amagwira, kenako ulembe fomuyo.