Funsani Tiyankhe: Nyengo zili pati mu nyimbo yopanda mawu?

FUNSO: Mwana wanga amakonda kumvetsera pafoni nyimbo ya Vivaldi yotchedwa The Four Seasons. Akuti ikufotokoza nyengo za pachaka. Ndamvetsera kawiri konse, mulibe ngakhale liwu limodzi. Nanga nyengozo zili pati? – Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Mayi, inenso nditaimva koyamba pa kaseti ya malume anga ndinangomva zingwe zikulira basi. Mawu alipo ndithu, koma saimbidwa. Ali papepala.

Antonio Vivaldi anali wansembe wa ku Venice, ku Italy, wobadwa mu 1678, ndipo kwa zaka zambiri ankaphunzitsa vayolini atsikana amasiye pa Ospedale della Pietà. Nyimbozi zilipo zinayi, za mtundu wa concerto: vayolini imodzi imatsogolera, gulu n'kumavomera, monga wotsogolera nyimbo amachitira pa kwaya. Zinasindikizidwa ku Amsterdam mu 1725, iliyonse ndi ndakatulo yake ya mizere 14. Mawu a ndakatulozo analembedwanso pamwamba pa manotsi (zizindikiro za papepala zimene woimba amatsatira), kuti woimba adziwe kuti pano ndi mbalame, apa ndi bingu.

Yambani ndi yoyamba, La primavera, ya nyengo imene zomera zimaphukira. Mbalame zake simungaziphonye, mavayolini atatu akupokerezana kulira. Koma dikirani chigawo chachiwiri, chodekha chija. Vayolini yotsogolera ndi m'busa wa mbuzi amene wagona, mavayolini ena ndi masamba akuwayula. Pansi pake pali chida cha mawu okulirapo, viola, chikubwereza manotsi awiri okhaokha, mouma: hu-huu, hu-huu. Ameneyo ndi galu wa m'busayo akuuwa, ndipo Vivaldi analemba yekha zimenezi pa manotsi a viola. Ine ndinatha zaka ndikuganiza kuti woimbayo ali ndi dzanja lolemera! Oimba ena amamufewetsa galuyu kuti nyimbo ikome, koma kwa ine amenewo akulakwitsa. Galu azimveka ngati galu.

Chenjerani pamfundo imodzi: nyengozi ndi za ku Italy, musazikakamize kufanana ndi zathu. Yachiwiri, ya nyengo yotentha, ili ndi njiwa, ntchentche zosautsa m'busa wotopa, kenako chimvula cha matalala chimene chikuthyola tirigu m'munda. Mlimi aliyense amene anaonapo chimanga chake chitagwa ndi mphepo sangafune womasulira pamenepa. Yachitatu ndi ya masika: anthu akolola, avina, amwa vinyo mpaka kugona, m'mamawa alenje n'kutuluka ndi agalu ndi mfuti.

Yachinayi ena amaimasulira kuti "dzinja", koma si dzinja lathu la mvula ndi makasu. Ndi chisanu chimene madzi amaundana, munthu n'kumayenda pamwamba pake mpaka kuterereka. Mumva mano akugwedezeka, mapazi akupondaponda kuti afunde. Chigawo chapakati, munthu akuwotha moto m'nyumba, oimba ena amasiya uta wokhwekhwezera zingwe za vayolini n'kumakodola zingwe ndi zala, ndiye madontho a mvula panja.

Zonse pamodzi zimatenga mphindi pafupifupi 40. Muuzeni mwanayo apeze ndakatulozo pa intaneti, akuwerengereni imodzi musanayatse nyimbo yake. Ndipo mumufunse ngati galu uja anamumvapo.