Chifukwa chake ayironi amadetsa chithunzi cha MRI

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji adokotala aimitsa kaye MRI ya chiwindi ya mayi anu atalandira dripi ya ayironi ya ferumoxytol, kapena mwina maginito angakoke ayironiyo m'thupi. Mtima pansi, sangakoke kanthu ayi. Nkhani ili pa chithunzicho, chikhoza kuwanamiza adokotala.

Makina a MRI amamvetsera madzi a m'thupi, makamaka mapulotoni a hydrogen, tinthu tating'onoting'ono ta m'madzimo tomwe timazungulira ngati timaginito. Munthu akalowa mu maginito aja, ambiri amakhala a 1.5 kapena 3 tesla (muyeso wa mphamvu ya maginito), mapulotoniwo amafola kutsata maginito, kenako makina amawagwedeza ndi mafunde a wailesi nkuwasiya, ndiye pobwerera mwakale ndi pamene amatulutsa siginolo yomwe kompyuta imasandutsa chithunzi. Kubwererako kuli pawiri. T1 ndi nthawi yomwe amatenga kuti afolenso, pamene T2 ndi nthawi yomwe amatenga kuti asiye kuzungulira mogwirizana. Zili ngati anthu akuwomba m'manja pamodzi mu tchalitchi, phokoso limamveka lamphamvu, koma aliyense akayamba kuwomba mwayekha nyimbo ija imabalalika.

Tsono ferumoxytol ndi timibulu ta ayironi (iron oxide) tating'ono kwabasi, amatiyeza mu ma nanometer, ndipo tikakhala panja pa makina sitigwira ngati maginito koma tikangolowa mkati timasanduka timaginito tamphamvu zedi. Kambulu kalikonse kamasokoneza mphamvu ya maginito pamalo pomwe kali, ndiye madzi akamadutsa pafupi pulotoni wina amazungulira mothamanga wina mochedwa, mgwirizano uja nkutha msanga, T2 nkufupika, siginolo nkuzima. Pamalopo pamaoneka bii. Chomwe chimandisangalatsa ine nchakuti kambulu kamodzi kamakhudza madzi ambirimbiri ozungulira, ndiye mdima wake umaoneka waukulu kuposa kambuluko. Gadolinium, mankhwala ena omwe anthu ambiri amabayidwa pojambula MRI, iye amafupikitsa kwambiri T1, nchifukwa chake amawalitsa. Ferumoxytol naye amatha kuwalitsa mitsempha masiku oyamba akadali m'magazi, koma akakaunjikana m'maselo ndi mdima basi.

Ndipo chiwindi ndi komwe amakaunjikanadi, chifukwa muli maselo otchedwa Kupffer omwe ntchito yawo nkumeza tinthu totere. Kale madokotala ankapezerapo mwayi ndi mankhwala ena a timibulu ta ayironi otchedwa Feridex omwe anavomerezedwa ku America mu 1996, chiwindi chabwinobwino chimada koma chotupa chopanda maselo amenewa chimatsala chowala nkuonekera poyera. Koma ngati adokotala sakudziwa kuti munthu analandira ayironi, mdima umenewo akhoza kuuona ngati matenda ochuluka ayironi, kapena ungabise chomwe akufunacho.

Ferumoxytol anavomerezedwa mu 2009 ngati mankhwala a kuchepa kwa magazi kwa odwala impso, ndipo malangizo ake amanena kuti angasinthe zithunzi za MRI mpaka miyezi 3. Ndiye chonde lembani tsiku lenileni lomwe mayi analandira dripi yomaliza ndi dzina la mankhwalawo, mukawaonetse ojambulawo asanawagoneke pa makina. Ngati mayi akumva kuwawa kwambiri kapena zinthu zikuipiraipira musangokhala kudikira, bwererani mukawauze adokotala, pali njira zina zojambulira, CT ndi ultrasound, zomwe ayironi ameneyu sazisokoneza choncho.