Wopeka ankanena zina, omvera akumva zina

Achimwene, mwafunsa kuti zimatheka bwanji omvera kumva zina pomwe wopeka nyimbo ankanena zina. Nthawi zambiri zimayambira pa kolasi. Kolasi imabwerezedwa katatu kapena kanayi, pomwe vesi iliyonse imadutsa kamodzi kokha, ndiye womvera pa wailesi amagwira kolasiyo, mavesi n'kumudutsa.

Tengani nyimbo ya Born in the U.S.A. ya Bruce Springsteen, woimba wa ku America, yomwe inatuluka mu 1984. Mavesi ake akukamba za msilikali wobwerera kuchokera kunkhondo ya ku Vietnam, amene akusowa ntchito kwawo komwe. Koma ng'oma zamphamvu ndi kolasi yofuula zinachititsa ambiri kuyesa kuti ndi nyimbo yonyadira dziko, moti Ronald Reagan, pulezidenti wa America pa nthawiyo, anatchula dzina la Springsteen pa msonkhano wa kampeni ku New Jersey chaka chomwecho.

Kayimbidwe nako kamasocheretsa. Every Breath You Take ya gulu loimba la The Police, ya 1983, ndi mawu a munthu wansanje amene akulondalonda wokondedwa wake wakale, koma poti imayenda mofatsa, anthu amavinira paukwati. Kunena zoona, apa omvera sindingawadzudzule kwenikweni.

Ngati inu mukupeka, mfundo yaikulu muiike mu kolasi, osaibisa mu vesi yachitatu. Samalaninso ndi "iwe" wosatchulidwa dzina, chifukwa aliyense amaikapo wake: wina mkazi, wina Mulungu, wina mtsogoleri wandale. Musanalowe mu situdiyo, imbirani anthu angapo osadziwa nkhaniyo, osawafotokozera kanthu, kenako muwafunse kuti yanena chiyani. Akasiyana kwambiri, sinthani kolasi.