Za botolo la nano silver ndi chilonda cha moto

Mayi, pepani ndi mwana amene wapsa ndi phalayo. Mwafunsa ngati botolo lolembedwa nano silver limene mwaliona pa msika wa Lizulu lingapoletse chilondacho. Ine ndikuti ndalamayo ikhale ya thiransipoti, mwanayo akaonedwe kuchipatala lero lomwe.

Sikuti za nano n'zabodza ayi. Ndi siliva weniweni amene amamugawa kukhala timibulu tosaposa mananomita 100 kukula kwake, pomwe tsitsi limodzi la munthu kunenepa kwake ndi mananomita pafupifupi 80,000. Timibuluti tikakhudzana ndi chinyezi cha pachilonda timatulutsa siliva pang'onopang'ono, ndipo siliva uja amawononga khungu la mabakiteriya mpaka afe, ngakhale ena ovuta monga Staphylococcus aureus, amene amayambitsa zithupsa ndi mafinya. Kuli mabandeji monga Acticoat a kampani ya Smith & Nephew opangidwa motero. Koma amenewo mlingo wa siliva wake ndi woyezedwa, amamanga ndi anamwino, ndipo sakhala pa chilonda mpaka kalekale, chifukwa siliva akachuluka amapwetekanso khungu latsopano limene likumera. Nanga za m'botolo la pamsika ndani anayeza? Funsani wogulitsayo ngati linalembetsedwa ku PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, muone mmene ayambire kuyang'ana kumbali.

Kuchipatala angapake kirimu wa silver sulfadiazine, amene wakhala akugwira ntchito pa zilonda za moto kuyambira cha m'ma 1968. Si wa nano, koma ndi wodziwika bwino. Chilonda chikakhala chachikulu amatumiza ku Kamuzu Central kapena ku Queens, komwe kuli mawodi a anthu opsa.

Chimene chandiopsa n'chakuti mwati wogulitsayo akunena kuti mwanayo azimwanso. Asamwe. Siliva akamamwedwa nthawi yaitali amakhazikika m'khungu, munthu n'kusanduka wotuwa mobiriwira, ndipo mtunduwo suchokanso.

Kwa ena amene mukuwerenga, poti June ndi July kuno ku Ntcheu ana sachoka pa mbaula: mwana akapsa, thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, matuza musaboole. Mankhwala otsukira mano, mazira ndi mafuta ophikira zisafike pa chilonda. Mukaona mafinya, fungo, kutupa kapena thupi kutentha, musadikire kuti kuche.